Mng'alu wa Pabalaza

Matailosi a pabalaza pa Cândido analipo zana limodzi ndi makumi anayi, ofiira ngati dothi la pachulu, ndipo mkazi wake Ancha ankawadziwa onse ndi maondo, poti ndiye ankawakolopa m'mawa uliwonse. Matailosiwo anachokera m'nyumba ya Mpwitikizi wina wamalonda, amene anawazula mkazi wake atatopa nawo mtundu. Cândido ankatayipa makalata mu ofesi ya mzunguyo, ndiye anawapempha, n'kuwatuta panjinga maulendo khumi ndi anayi. Anakwana pabalaza pokha, ndendende, osatsala ngakhale limodzi. Kuchipinda ndi kukhitchini kunali kozira ndi dothi monga kwa anthu ena onse a ku Lichinga, tauni imene masiku amenewo pamapepala inkalembedwa kuti Vila Cabral.

Sikuti Cândido ankakonda matailosi. M'mwezi wa Juni ankazizira moti munthu ukapondapo opanda nsapato unkamva mpaka m'mano. Chimene ankafuna ndi alivara, pepala la boma lonena kuti munthu wakuda uyu tsopano ndi asimiladu, ndiye kuti akukhala monga akhalira Apwitikizi. Pepalalo silinkabwera lokha. Ankayamba atuma mzungu wa kuboma kudzaona ngati mumadyera patebulo, ngati mumagona pabedi, ngati mkazi ndi mmodzi, ngati m'nyumba mumamveka Chipwitikizi, ndi zina zimene mzunguyo angakumbuke tsiku limenelo.

Ancha analibe nalo ntchito pepalalo. Iye anali mwana wa msodzi wa ku Meponda, ndipo kwawo munthu ankadziwika kuti ndi munthu popanda chidindo. Koma anali ndi mwana mmodzi yekha, Sílvia, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene anali atamaliza zonse zimene sukulu ya kumishoni inkaphunzitsa ana akuda, ndipo tsopano ankangowerenga zolembedwa pa matumba a mchere. Popanda pepalalo, sukulu yake inali yomweyo. Pepala likabwera, akanalowa sukulu ya boma pamodzi ndi ana a azungu n'kupitirira mpaka pamene mutu wake ukanathera. Ancha ankafuna zimenezo ndi mtima wake wonse, ndipo n'chifukwa chake ankapirira zonse zimene mwamuna wake ankalamula.

Malamulowo anali ambiri. Mphasa zinapita kwa aneba. Nsalu zinalowa m'bokosi, m'malo mwake munabwera madiresi awiri. Chakudya chinkadyedwa ndi foloko, ndipo banja lonse linaonda pang'ono mwezi woyamba. Kenako Cândido analetsa kusinja panja. Anati mtondo umamveka kutali, ndipo asipayo, apolisi akuda aja, ali ndi makutu. Sungauze boma kuti ndiwe Mpwitikizi pamene kuseri kwa nyumba yako kukulira musi.

Ancha anafunsa ngati ufa nawonso waletsedwa. Cândido anati ayi, ufa ubwere monga mwa nthawi zonse, ndipo anakwera njinga kupita kuntchito.

Ndiye Ancha analowetsa mtondo m'nyumba. Kukhitchini denga linali lalifupi, musi unkagunda nsungwi. Kuchipinda kunadzaza bedi. Malo okhawo amene munthu akanakweza musi mpaka pamwamba anali pabalaza, pakatikati, pomwe denga linatalika. Ankayala thumba pansi, kuika mtondo, kutseka chitseko ndi mawindo, n'kusinja mwakachetechete monga momwe kusinja kungathekere. Akamaliza ankabisa mtondo kukhitchini n'kukolopa. Miyezi inayi inatha choncho, Cândido akudya nsima yake ndi foloko osafunsa kumene ufa ukuchokera, pakuti amuna ena amaganiza kuti ufa umamera m'lichero.

Lachiwiri lina atachotsa thumba, anapeza tailosi limodzi litang'aluka. Mng'aluwo unayambira pakati n'kufalikira mbali zitatu ngati phazi la nkhuku, ndipo chala chimodzi chinalowerera pang'ono m'tailosi loyandikana nalo. Ancha anakolopapo kawiri, mwina n'litsiro. Silinali litsiro.

Cândido atabwera madzulo sanakalipe. Anavula chipewa, anagwada pansi, chinthu chimene anali asanachite chibwerere matailosiwo, nayendetsa chala mumng'alumo. Anafunsa chimene chinagwerapo, ndipo Ancha anamuuza zoona. Kenako Cândido ananena kuti sipayo wina mnzake wamutsina khutu kuti mzungu woyendera nyumba, dzina lake Norberto, abwera Lachisanu la sabata yamawa. Ananenanso kuti mzungu akaona mng'alu afunsa chaswa n'chiyani, ndipo mzungu aliyense wokhala kuno amadziwa kuti foloko siswa tailosi.

M'mawa mwake anaitana Abílio, mmisiri amene anayala matailosiwo. Abílio anali munthu wosafulumira. Anayang'ana mng'alu ataima, anauyang'ana atakhala, napempha tiyi. Atamwa anati tailosi lina lotere kulibe m'Vila Cabral monse, mwina ku Nampula, ndipo lole ya ku Nampula imabwera ikafuna. Anati chimene chingatheke n'kuzula limodzi la pansi pa kabati, pamene sipaoneka, n'kulisinthanitsa ndi loswekali. Anasuntha kabati, anaika tchizulo, anamenya kamodzi, ndipo tailosi la pansi pa kabati linasweka pawiri. Anayesa lachiwiri, linasweka patatu. Abílio anaimirira n'kunena monyadira kuti ntchito yake ndi yotero, chimene iye wamata sichizuka. Anabweza kabati pamalo pake n'kupempha tiyi wina.

Asanachoke anathira simenti mumng'alu uja. Itauma inayera, ndipo mng'alu umene poyamba unkafuna kuti munthu awerame tsopano unkaoneka uli pakhomo. Ancha anapera njerwa, nasakaniza ndi mafuta a mtedza, napakapo. Panafiira bwino tsiku limodzi, tsiku lachiwiri panadzaza nyerere.

Anayesa kukokerapo tebulo, koma likafika pamenepo chitseko chinkakana kutseguka. Anayesa mpando, koma mpando umodzi uli wokha pakati pa balaza unkaoneka ngati ukudikira mlandu. Ancha anati abwereke mphasa ayalepo. Cândido anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi. Mphasa ndiyo inali umboni weniweni wakuti m'nyumba muno anthu amakhala pansi.

Nzeru inabwera ndi Dona Deolinda, mkazi wa mphunzitsi, amene kwawo pepala linabwera kalekale ndipo ankadziwa mayendedwe a zinthuzi. Anabwera kudzabwereketsa diresi lalitali ndi nsapato, ndipo ataona mng'aluwo anangoimapo. Dona Deolinda anali ndi mapazi aakulu, amene moyo wake wonse ankachita nawo manyazi, koma tsiku limenelo anapeza ntchito. Nsapato ziwirizo zitagundana zinaphimba phazi lonse la nkhuku lija, ndipo chala chotsalacho chinabisika ndi mpendero wa diresi.

"Muime pomwepa mpaka achoke," anatero Dona Deolinda. "Saona nthawi yaitali. Ndiponso dona weniweni sathamangathamanga pamaso pa mlendo. Amangoima."

Kwa Ancha chimenechi chinali chovuta kuposa foloko. Kwawo mlendo akafika unkamuchingamira, kumulandira katundu, kumupatsa pokhala, kugwada n'kumulonjera bwinobwino. Kuima njo pamaso pa munthu wamkulu kunali kwa mwana wosalangidwa. Koma walira mvula walira matope. Masiku atatu otsatira anaphunzira kuima. Cândido ankalowa pakhomo akudziyesa mzungu, nazungulira balaza akusuzumira m'makona, ndipo Ancha ankatembenuza mutu wokha, mapazi ali pomwepo. Sílvia anapatsidwa ntchito yobweretsa khofi ndi kuyankha mafunso, poti Chipwitikizi chake chinali chosalala kuposa cha bambo ake. Chipwitikizi cha Ancha chinali cha moni ndi zikomo, ndipo anagwirizana kuti asapitirire pamenepo.

Lachisanu Ancha anaima pamng'alu kuyambira dzuwa litangokwera, chifukwa panalibe wodziwa ola. Norberto anafika chakumasana. Anali mnyamata woonda, wa chimfine, amene ankaoneka kuti nayenso anatumidwa ku chigawo chino cha Niassa popanda kufunsidwa. Anagwira Cândido chanza, anagwedezera Ancha mutu, ndipo Ancha ananena moni wake mmodzi uja osaphonya. Mzunguyo anakhala patebulo n'kutsegula buku. Anawerenga mafoloko. Anasuzumira kuchipinda n'kuona bedi. Anafunsa Sílvia mitsinje ya ku Portugal, ndipo mwanayo anaitchula yonse motsatana, mitsinje imene sanasambemo ndipo sadzasambamo. Norberto analemba kanthu, n'kumina.

Zonse zinkayenda bwino moti Ancha anayamba kumva njala. Pamenepo ndi pamene kunja kunamveka odi.

Mawuwo anawadziwa asanathe. Chakudza sichiimba ng'oma: pakhomo panaima bambo ake, Che Selemane, atavala mkanjo wofumbira ndi kofia, dengu la usipa wouma lili pamutu. Kuchokera ku Meponda kukwera mapiri mpaka kuno ndi masiku awiri a miyendo, ndipo mkuluyo anali ndi bondo lovuta. Ankabwera kamodzi pachaka, osatumiza mawu, chifukwa munthu satumiza mawu popita kwa mwana wake. Anaima pakhomopo akumwetulira, akudikira kuti mwana wake amutule dengu monga ankachitira chaka chilichonse.

Kuchokera pamng'alu kufika pakhomo panali mapazi anayi. Ancha anawawerenga. Maondo ake anayamba okha kupinda, poti anazolowera, ndipo iye anawaumitsa. Anayang'ana Sílvia, amene anaima pambali pa tebulo atagwira thireyi, tsitsi lake litapesedwa mpaka kuwawa. Anayang'ana buku lotsegula lija. Anakhala chiimire, manja ali pamimba monga anamuphunzitsira Dona Deolinda, akuyang'ana bambo ake m'maso ngati munthu woyang'ana mvula. Manyazi amene anamva sanawamvepo chibadwire.

Kumwetulira kwa Che Selemane kunatha pang'onopang'ono. Anayang'ana mzungu, nayang'ana nsapato za mwana wake. Dengu linali likadali pamutu.

Norberto anafunsa kuti mkuluyu ndani. Funsolo ngakhale Ancha analimva. Cândido anatsegula pakamwa, koma munthu amene ankatayipa makalata makumi awiri patsiku anasowa liwu ndi limodzi lomwe. Mpongozi wa mkanjo ndi kofia, wosenza nsomba, wolowera khomo lakumaso, sanali m'gulu la zinthu zimene anakonzekera. Mzunguyo anatembenukira kwa Sílvia, poti ndiye ankayankha bwino.

Mwanayo ankawakonda agogo akewo. Chaka chilichonse ndiye ankayamba kuwathamangira. Koma anali mwana wanzeru, ndipo nzeru za mwana ndi kuona chimene akulu akuchita. Anayang'ana mayi ake, anaona kuti sanasunthe. Anaika thireyi patebulo, anapita pakhomo, naima mowongoka.

"Hoje não compramos peixe," anatero, kutanthauza kuti lero sitigula nsomba.

Che Selemane anagwedeza mutu kamodzi, dengu n'kugwedezeka nawo. Anatembenuka mosamala chifukwa cha bondo lija, natsika pakhonde.

Norberto anaseka mpaka kutsokomola. Anati mwanayu amayankhula ngati wobadwira ku Lisboa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mwana wotere azingokhala pakhomo. Analemba mizere itatu, anasaina, nauza Cândido kuti pepala lituluka mwezi usanathe ndipo mwana akhoza kukalembetsa. Anamwa khofi wake yense osafulumira. Potuluka anaima pafupi ndi Ancha, anagogoda pansi ndi chidendene, nanena zinthu zambiri akuloza matailosi ndi kupukusa mutu. Cândido anaseka kuseka kwa kuntchito, namuperekeza mpaka pamsewu.

Atabwerera anapeza Ancha atakhala pansi akuvula nsapato. Mapazi anali atatupa. Anafunsa mwamuna wake chimene mzunguyo ananena pomaliza. Cândido anati sizofunika. Ancha anafunsanso.

"Akuti kunyumba kwake matailosi onse anang'aluka chaka choyamba," anatero Cândido akuyang'ana kukhoma. "Akuti dothi la kuno ndi lotero, palibe nyumba ya mzungu yopanda mng'alu. Akufuna dzina la mmisiri wathu."

Sílvia anali atalowa kuchipinda n'kudzitsekera, ndipo kunkamveka kulira kwa munthu amene akuyesa kuti asamveke. Ancha anafuna kupita kwa mwanayo, koma mwana akanapezeka pomwepo madzulo. Anatsegula bokosi, anatulutsa nsalu, anaimanga pamwamba pa diresi la eni ake, natuluka opanda nsapato kudzera khomo lakumaso, aneba onse akuona. Cândido anayamba kunena kanthu za asipayo, koma anasiyira pakati.

Ancha anawapeza bambo ake kunja kwa tauni, pamene msewu wa ku Meponda umayamba kutsetsereka, atakhala pansi pa msuku akusisita bondo. Dengu linali pambali. Ancha anagwada m'fumbi patali pang'ono, monga mwa mwambo, nawalonjera. Mkuluyo anayankha moni wonse osadumpha. Anafunsa za mwamuna wake, anafunsa za mwana, ngati kuti sanawaone ola lapitalo, ndipo Ancha anayankha kuti onse ali bwino. Iye anafunsa za mayi ake ndi za kumudzi, namva kuti bwato linakonzedwa, ndi kuti mbuzi ya alongo ake inaswa awiri.

Kenako anafotokoza. Anayambira pa pepala, anafika pa mtondo, pa Abílio, pa nyerere, pa mapazi a Dona Deolinda. Pofotokozapo anamva yekha kuti nkhaniyo ndi yopusa, ndipo anakwiya, osadziwa kuti akwiyire ndani. Che Selemane anamvetsera monga amvetsera munthu nkhani ya dziko lina. Anafunsa kuti mng'aluwo ndi waukulu bwanji. Ancha anatambasula chikhatho chimodzi. Mkuluyo anayang'ana chikhathocho kwa kanthawi.

"Nanga mwanayo alowa sukuluyo?"

"Alowa, baba."

"Alhamdulillah," anatero poyamika Mulungu, ndipo ananena mochokera pansi pa mtima.

Ancha anawapempha kuti abwerere kunyumba, mzungu wapita, akapume, akadye, agone masiku awo atatu monga mwa chaka chilichonse. Mkuluyo anati pepala silinatuluke, ndipo nsomba imene sunaikweze m'bwato sunaigwire. Anati akagona kwa mnzake wina wa kumzikiti, mawa m'mamawa azitsika. Ancha analimbikira, iye anakana mofatsa, ndipo Ancha anadziwa kuti chifukwa chimene anapereka chinali choona koma sichinali chokhacho. Misozi inayamba kutsika, ndipo sanaipukute.

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo ndicho chinkamulemera kwambiri. Anayamba kunena kuti mwana uja ndi mwana, sanadziwe chimene akunena, ndipo mawu amene ananenawo kwenikweni akutanthauza zina. Anali asanaganize bodza loti aikepo, ankangoyembekeza kuti libwera lokha pakamwa.

Che Selemane anakweza dzanja.

"Usavutike kumasulira, mama. Chipwitikizi changa chonse ndi mawu anayi omwewo. Ndawamva zaka makumi awiri m'makomo a azungu a m'tauni muno." Anaimirira pogwira mtengo, ananyamula dengu, nalikhazika bwino pamutu pa mwana wake ali chigwadire. "Koma ukamuuze kuti sindinamvepo munthu wowatchula bwino ngati iyeyo."